Chishalo cha Anthu Awiri

Ndidakhala pachikamwini zaka makumi atatu ndi zinayi, m'mudzi wina kuseri kwa Kabudula. Kwathu kwenikweni ndi kufupi ndi Nambuma, koma ndidachokako ndevu zisanakhwime, kutsata mkazi. Kuchikamwiniko ndidaumba njerwa, ndidamanga nyumba ya malata ndi chigafa cha fodya, ndipo dimba la akazi anga, limene ndidalipeza lili bango lokhalokha, ndidalikumbira chitsime. Ana tidabereka asanu, adakula awiri. Wamwamuna ali ku Joni. Wamkazi adakwatiwa pamudzi pomwepo, nyumba yake ili kuseri kwa imene idali yathu.

Mkamwini amadziwa malo ake. Nthaka si yake, ndipo ana mwini wake ndi malume awo. Mkazi akamwalira, abale ake amadikira miyezi ingapo, kenaka amaitana ankhoswe ndi kumusudzula mwamunayo kuti abwerere kwawo. Wokalamba amene adakhala bwino ndi anthu amatha kumusiya kuti akhale. Koma pali chimodzi chosaloledwa: kulowetsa mkazi wina pa nthaka ya malemu. Mwamuna akangoonetsa kuti maso ayamba kuyendayenda, ulendo wake wapsa.

Akazi anga ankazidziwa zimenezi, komanso ankawadziwa achimwene awo aakulu, mwini mbumba, amene ine ndinkawatcha alamu. Alamuwo dimba lija ankaliyang'ana kuyambira chaka chimene chitsime chidatulutsa madzi. Choncho sabata yomaliza ya moyo wawo, akazi anga adaitanitsa achimwene awowo pamodzi ndi mayi awo aang'ono, gogo wowonda wa pakamwa pakuthwa, nalankhula ali gone pamphasa.

"Achimwene, bambo awa musadzawachotse. Kwawo kulibe chawo. Adzafere pompano, mudzawaike pafupi ndi ine."

"Tamva, mlongo wanga," adatero alamu. "Angawachotse ndani?"

Mawu a munthu wakufa salumphidwa chisawawa. Ndi mawu amenewo amene ndidatsamira titaika maliro. Sindinkafuna zambiri. Ndinkafuna kudzuka m'nyumba imene ndidamanga, kuthirira mpiru m'dimba, ndipo tsiku langa likafika, kukagona m'msitu womwewo umene iwo adagona.

Nkhani ya njinga yamoto idayamba akazi anga ali moyo. Adadwala zaka ziwiri, msana ndi miyendo yotupa, ndipo mwezi uliwonse ndinkawatengera kuchipatala ku Kabudula pa njinga yakapalasa, nditamangirira katsamiro pa kaliyala. Ankakhala cham'mbali, monga amakhalira amayi a msinkhu wawo, dzanja limodzi litagwira lamba wanga. Pa dzenje lililonse ndinkamva dzanjalo likufinya. Tsiku lina ndidawakweza pa njinga yamoto ya kabaza kuti afike msanga, ndipo chitsulo chotulutsa utsi chija, ekizozi, chidawawotcha pa katumba. Balalo lidatenga miyezi kuti lipole. Kuyambira pamenepo tidapangana kuti fodya wa chaka chimenecho akagulidwa, tigula njinga yathuyathu, ya chishalo chofewa, yoyendetsa ine ndekha pang'onopang'ono. Kale ndidayendetsapo kanjinga ka abusa, ndiye ndinkati sindingalephere. Fodyayo tidasoka limodzi, iwo atakhala pampando m'chigafa. Mabelo adapita ku okushoni iwo atapita kale.

Ine za njinga ndidaziika pambali. Ndikadanyamula yani? Koma patapita miyezi itatu, alamu adabwera m'mawa ndikuchokera kudimba.

"Alamu, ndalama za fodya zija mwazisunga kuti zitani? Mlongo wanga ankafuna njinga. Chofuna cha malemu sachikhalira."

"Ankaifuna chifukwa cha matenda, alamu."

"Nanga inu simudzadwala? Komanso ndinu mkulu wa mpingo, mumayendera odwala midzi ingati? Mpaka liti mukupalasa ngati wogulitsa makala? Ku Nsaru kuli mnzanga wabwera nazo ziwiri kuchokera ku Joni. Si tinjinga ta kabaza iti ayi. Mawa tipite mukasankhe."

Ndidaganiza kuti ndi chifundo. Ndidathokoza Mulungu madzulo ake kuti mawu a akazi anga adagwira mtima wa achimwene awo.

Wogulitsayo tidamupeza kuseri kwa chigayo, atavala jekete lachikopa dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Njinga ziwirizo adaziimika pamthunzi wa mpanda. Sizidali zazing'ono ngati za kabaza, komanso sizidafike pa zikuluzikulu za apolisi operekeza akuluakulu a boma. Zidali zapakati. Zonse zidalibe mapulasitiki otchinga m'mbali, injini ili poyera ngati nthiti za ng'ombe yosendedwa, kutsogolo nyali imodzi basi.

"Ku Joni zimenezi amazitcha zosavala, madala," adatero wogulitsayo. "Palibe chobisa. Chilichonse mukuchiona ndi maso."

"Taonani zinthu," adaseka alamu. "Mkulu wa mpingo pakati pa zosavala ziwiri. Sankhani bwino, alamu. Ndikujambulani pafoni kuti mwana wanu ku Joni aone bambo ake akugula chinthu."

Adakweza foni. Ine sindidaiganizirenso.

Ina idali yakuda. Mapaipi anayi ankatuluka mu injini yake ndi kukakumana pansi. Zogwirira zake zidali zotsika, kotero kuti nditakhalapo ndidawerama ngati ndikupalira, ndipo zala za kumapazi zokha ndi zimene zidafika pansi. Kumbuyo idatukula mchira ngati mavu, ndipo pamchirapo padali kachishalo kosaposa chikhatho changa. Wogulitsa adailiza. Idalira mokweza mpaka mbuzi zimene zinkanyambita gaga pachigayo zidabalalika.

"Iyi ndi ya amuna, madala. Mukachoka pano, musanamalize pemphero la Ambuye muli pa Mpingu."

"Ine ku Mpingu ndilibeko chothamangira," ndidatero.

Inayo idali yofiira, utoto utayamba kufwifwa pa thanki. Mapaipi ake adali awiri. Nditakhalapo msana udawongoka ngati ndili pa benchi la m'tchalitchi, mapazi onse adaponda pansi. Mimba yake idali yokwera, ndipo ndidaona kuti pa dambo lathu, pamene msewu umakumbika nthawi ya dzinja, siingakhule pansi. Idalira motsitsa, ngati chigayo chakutali. Chishalo chake chidali chimodzi chachitali, chosalala kuchokera pa thanki mpaka kumbuyo, ndipo m'mbali mwake mudali tizitsulo togwira wokwera kumbuyo.

Ine ndine munthu wochedwa. Ngakhale khasu ndimalitembenuza kangapo ndisanagule. Ndidazungulira njinga ziwirizo nthawi yaitali. Ndidafunsa imene imamwa mafuta pang'ono, adati yofiira. Ndidafunsa ngati matayala ake amapezeka mu Lilongwe, adati onse amapezeka ukadziwa pofunsa. Ndidagwada kuyang'ana tcheni, ndidafinya mabuleki, ndidayang'ana pansi ngati pali dontho la oyilo. Ndidapempha kuti ndipite kunyumba ndikaganize kaye.

"Lero lomwe, alamu," adatero alamu anga. "Mawa kukubwera wina wa ku Namitete. Mukufuna kusala kudya chifukwa cha njinga?"

Ndidabwerera pa yofiira ija. Ndidaika chikhatho pa chishalo chakumbuyo ndi kudinikiza. Chidalowa, n'kubwerera pang'onopang'ono. Ndidadinikizanso ndi manja onse kuti ndione ngati masipuling'i akulandira. Ankalandira bwino. Ndipo pamenepo, kwa kanthawi kochepa, mutu wanga udabwerera m'mbuyo. Ndidaona msewu wa ku Kabudula, ndidaona maenje ake onse, ndidaganiza kuti apa ndiye msana uja upumula. Ndidawerama, ndidayeza ndi dzanja kuchokera popondera mpaka pa ekizozi, ndipo ndidafunsa.

"Kodi mayi atakhala cham'mbali, atavala chitenje, chitsulo ichi sichingawawotche mwendo?"

Wogulitsa adaseka, naomba m'manja. "Iii, madala! Alipo kale eti? Musadandaule, pali chotchinga apa. Angakhale wonenepa bwanji, afika osapsa."

Ndi kuseka kwakeko kumene kudandidzutsa. Ndidakumbukira kuti amene ndinkawafunsirawo ali m'nthaka miyezi itatu. Manyazi adandigwira, osati a tchimo, koma a munthu wamkulu amene wapezeka akulankhula yekha. Sindidathe kunena zoona pamaso pa munthu wa jekete lachikopa. Ndidangoti, "Ndimafunsira odwala a mumpingo."

Alamu sadaseke. Adatsitsa foni, naiika m'thumba la malaya.

"Mwasankha yofiira?"

"Yofiira."

"Mwasankha nokha, alamu. Palibe wakukakamizani."

Wogulitsa yemweyo adaiyendetsa kudzaisiya kwathu, ndipo mafuta otsala adawapopa ndi kapaipi kubwezera m'chigubu chake, ati sadali pa mtengo. Masiku amenewo mafuta adali atasowa m'dziko, a m'mabotolo a m'mbali mwa msewu adali osayandikika. Njingayo idalowa m'chigafa, ndidaifunditsa chiguduli, ndipo sindidailizepo ngakhale kamodzi.

Zizindikiro zidayamba pang'onopang'ono, ndipo ine ndidachedwa kuziwerenga. Amayi a pamjigo ankasiya kulankhula ndikamadutsa, ndikapitirira n'kuphulika kuseka. Tsiku lina mkamwini mnzanga, munthu amene tidakumbira limodzi zimbudzi za sukulu, adandifunsa akumwetulira ngati chitsulo chija chikuwotchabe. Mwana wanga wamkazi, amene ankandiphikira chimwalirire amayi ake, adasiya kulowa m'nyumba. Mbale ankazisiya pakhonde osaodira.

Kenaka mphekesera idapeza nkhope. Mumpingo mwathu mudali mayi wina wamasiye amene ndidamupititsirapo chimanga cha mpingo kawiri, pamodzi ndi akulu anzanga. Anthu adati ndi ameneyo. Lamulungu lina atalowa m'tchalitchi, amayi a pa benchi lake adasendera kumapeto onse, wina n'kufunsa mokweza ngati mwendo wapola. Adatuluka nyimbo yoyamba isanathe, ndipo sadabwerenso. Mayi ameneyo njinga ija sadaionepo ndi maso. Ndidafuna kupita kukapepesa, koma ndidadziwa kuti phazi langa pakhomo pake likhala umboni. Sindidapite. Zimenezo ndimazinenabe m'mapemphero anga.

Mvula yoyamba itagwa, uthenga udapita ku Nambuma woitana nkhoswe yanga, mng'ono wanga, amenenso ndi munthu wa imvi. Adafika pa njinga yakapalasa m'mawa wa Loweruka. Tidakhala pabwalo la nyumba yanga, amuna pamipando, amayi pamphasa. Anthu adachuluka kuposa amene amafunika pa mwambo wotere. Ena adaima kuseri kwa mpanda.

Alamu adayamba bwino. Adati ndidakhala nawo zaka zambiri osamenya mkazi, osaledzera, osakangana ndi munthu. Adati mlongo wawo adasiya mawu, ndipo iwo adali okonzeka kuwasunga.

"Koma mawu aja adanenera mwamuna wake," adatero. "Sadanenere mwamuna wa munthu wina. Tamverani nokha."

Adatulutsa foni, naikweza mawu mpaka kumapeto, naipereka kwa mng'ono wanga. Ndidamva mawu anga akutuluka m'kachinthu kaja, ofatsa, osamala, akufunsa za mayi wa chitenje. Foniyo idayenda m'manja mwa amayi. Adaibwereza katatu. Mayi aang'ono a malemu adaiyandikitsa kumaso, naloza ndi chala.

"Taonani dzanjalo! Taonani mmene akusisitira! Mwana wanga adadwala zaka ziwiri, ndidaonapo dzanja limeneli likumusisita chonchi ine?"

Amayi adaseka. Wina kuseri kwa mpanda adati, "Akuyeza ngati akwanapo!"

"Pajatu padali njinga ziwiri," adapitiriza alamu. "Ina ya munthu mmodzi, yoyenera bambo amene watsala yekha. Ine ndidaima pomwepo, sindidanene kanthu. Alamu adazungulira, adazungulira, n'kusankha ya anthu awiri. Dothi la pamanda lisanaphwe."

Mng'ono wanga adandiyang'ana. "Achimwene, yankhani. Mayi ameneyu ndi ndani?"

Ndidaimirira, chipewa m'manja. Ndidaona kuti bodza la ku Nsaru lija silingandithandize, ndipo ndidali nditatopa nalo. Ndidanena zoona.

"Palibe mayi wina. Ndinkafunsira akazi anga. Njinga imeneyi tidapangana ndi iwo, chifukwa cha msana, ndiponso chifukwa ina idawawotchapo mwendo. Nonse mukulidziwa bala lija. Nditagwira chishalo chija, ndidaiwala kuti adamwalira. Ndidaiwala kwa kanthawi. Ndi zokhazo."

Ndidaganiza kuti zamveka. Amayi awiri adaweramitsa mitu. Koma gogo uja adamenya mphasa ndi chikhatho.

"Ndiye zabwino zimenezo? Ife tikulephera kugona, tikumuona mwana wathu paliponse, iwo miyezi itatu yokha akuiwala kuti kudali maliro! Bokosi adalinyamula ndani? Adalira ndani pano? Kapena ankatinamiza?"

"Komanso ku Nsaru adanena zina," adatero alamu mofatsa. "Adati amafunsira odwala a mumpingo. Zili momwemo mufonimo. Lero akuti mlongo wanga. Mkulu wa mpingo, pakamwa pamodzi, nkhani ziwiri. Tikhulupirire iti?"

Pamenepo ankanena zoona.

Adafunsa mwana wanga wamkazi ngati ali ndi mawu. Ndidamuyang'ana. Mwana ameneyu ndidamuberekapo kumsana kuwoloka naye dambo litasefukira, kupita naye ku sikelo amayi ake akudwala malungo. Iye adayang'ana pansi, akuthothola ulusi wa chitenje.

"Ine za mayi wina sindikuzidziwa," adatero. "Chimene ndikudziwa n'chakuti amayi anga adayenda zaka ziwiri pa kaliyala, akulira ndi msana. Ababa ankati tidikire fodya, tidikire fodya. Ng'ombe idalipo, sadagulitse. Chishalo chofewa chabwera amayi atapita. Ndiye chikhale cha amene chamubwerera."

Mawu a alamu sadandipweteke ngati amenewa. Ng'ombe idalipodi. Ndidaisunga chifukwa cha ngolo, ndipo amayi ake omwe adakana kuti igulitsidwe. Koma amene akadandichitira umboni ndi omwewo amene tinkawalira.

Zotsalazo zidayenda mwachangu, ngati zokonzeratu. Adaika kandalama kachitsulo m'mbale, naipereka kwa mng'ono wanga, kusonyeza kuti andimasula. Adati nyumba ndi ya mwana wamkazi. Ng'ombe ndi ngolo ndi za ana. Chigafa ndi dimba zibwerera ku mbumba, aziyang'anira alamu. Mng'ono wanga adafunsa kuti nanga m'bale wake, zaka zonsezi, atuluka ndi chiyani.

"Zovala zawo, Baibulo lawo, makasu awiri," adatero alamu. "Ndi njinga. Njinga ndi yawo, sitingawalande. Ndi chinthu chamtengo kuposa dimba. Adasankha okha."

Adandipatsa mpaka Lolemba. Lamulungu sindidapite kutchalitchi, koyamba m'zaka zambiri popanda matenda. Ndidakhala m'nyumba ndikuyang'ana mitengo ya denga imene ndidasema ndekha. Mwana wanga wa ku Joni adaimba foni. Adati kanema uja adamuona kalekale, amalume ake adamutumizira tsiku lomwelo. Adati, "Ababa, mukadadikirako chaka." Ndidayamba kufotokoza, mayunitsi ake adatha.

Lolemba m'mawa alamu adabwera kudzatenga kiyi wa loko wa chigafa. Tidali awiriwiri, mng'ono wanga akumanga katundu pa njinga yake yakapalasa. Ndidawafunsa chinthu chimodzi, chifukwa sindifuna kuweruza munthu ndisanamve.

"Alamu, ndikadasankha yakuda ija, zikadatha bwanji?"

Adaseka pang'ono, osati mwankhanza, koma ngati munthu amene wafunsidwa za ntchito imene amaidziwa.

"Tikadati mwasankha ya munthu mmodzi, yothamanga, ndiye kuti mtima wanu uli kale pa ulendo, tikumasuleni. Koma imeneyo ikadavuta pang'ono, amayi ena akadakumverani chisoni. Inu mudatipeputsira ntchito, alamu. Funso lija ngakhale ine sindidaliyembekezere."

Ndidapempha kuti andilole ndikaime pamanda ndisanapite. Adati kumanda salowako wamba, ndikudziwa ndekha, ndipo munthu womasulidwa ndi mlendo. Adati akadzamanga chiliza adzanditumizira uthenga.

Mafuta mudalibe, choncho njingayo idayenera kukankhidwa mpaka pamsewu waukulu, pamene tinkayembekeza kupeza lole yopita cha ku Nambuma. Sindidadziwe kulemera kwake mpaka tsiku limenelo. Idali ngati kukankha ng'ombe yosafuna kuyenda. Mvula idali itagwa dzulo lake, matope ankamata m'matayala, ndipo ndikangopendeka pang'ono inkafuna kundigwera. Anthu adatuluka m'nyumba zawo kudzaonerera. Palibe adagwirako. Mayi wina adafuula kuti, "Kumbuyoko kuli malo, mwamusiya kuti?" Khomo la mwana wanga lidali lotseka, koma utsi unkatuluka m'khitchini.

Njira yotuluka m'mudzimo imakwera kamtunda, kenaka imatsetsereka kulowera kudambo, ndipo msitu wa manda uli kudzanja lamanzere pakati pa chitsetserekocho. Pokwera ndidapuma katatu. Ndidali nditakonza mumtima kuti ndikafika pa msitu ndiima m'mphepete mwa njira, pamene palibe angandiletse, ndivule chipewa, ndiwauze akazi anga kuti ndikupita ndipo sikufuna kwanga.

Titayamba kutsika, njinga idayamba kundikoka. Ndidafinya buleki, tayala lakutsogolo lidaterereka m'matope, chinthu chonse chidapendekera kwa ine. Ndidasiya buleki kuti chiwongoke, chidathamanga. Ndidathamanga nacho, nsapato zikuterereka, manja onse ali pa zogwirira, mng'ono wanga akukuwa kumbuyo kuti ndisachisiye chingandithyole miyendo. Mitengo ya kumanda ndidangoiona ndi ngodya ya diso ikudutsa. Njingayo idakaima yokha pansi padambo, tayala litazama m'matope mpaka theka.

Ndidayang'ana kumbuyo. Msitu udali pamwamba, patali ndithu, ndipo pamtunda padaima anthu amene adatitsatira kudzaona mapeto ake. Njingayo ndikadaisiya ikadagwa m'madzi. Mng'ono wanga adatsamiritsa yake pa chulu, navula nsapato, nagwira tizitsulo ta kumbuyo tija.

"Kankhani, achimwene," adatero. "Lole ikatisiya tigona panjira."

Ndidakankha.